Chifukwa chake mankhwala ena a chimfine amavuta kugula, ndi amene malamulo ake amawapweteka

Mwezi wa Juni ukafika mu Lilongwe, mphepo ya mwera ikayamba kuwomba m'mamawa, m'nyumba zambiri za ku Area 25, Kawale, Biwi ndi Chinsapo mumangomveka kutsokomola ndi kuyetsemula. Ana amakatenga chimfine kusukulu n'kudzapatsira makolo awo, ndipo chimenecho chisanathe bwinobwino, fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala limabweretsa china. Iyi ndi nyengo imene anthu ambiri amakumana ndi chinthu chowapsetsa mtima, chomwe ndi kulowa mu famase ndalama zili m'manja, kutchula dzina la mankhwala amene akuwafuna, kenako n'kuuzidwa kuti mankhwalawo satuluka popanda kalata ya dokotala.

Zinandichitikira ine chaka china chifuwa chitandisowetsa tulo masiku atatu. Ndinalowa mu famase ina m'tauni madzulo nditaweruka kuntchito, n'kupempha mankhwala amadzi a chifuwa amene m'bale wanga wina anandiuza kuti anamuthandiza. Mnyamata amene anali pakauntala anandiyankha mwaulemu kuti, "Pepani bambo, amenewa muli codeine, sitingakupatseni popanda kalata ya adokotala." Nditamufotokozera kuti nthawi yatha ndipo mawa ndiyenera kulawirira kuntchito, iye anati, "Ndikukumvetsani bambo, koma oyendera akabwera n'kupeza kuti botolo linatuluka popanda kalata, chilolezo chathu chikhoza kulandidwa." Ndinatuluka mtima ukuwawa, ndipo ndisanafike pokwerera minibasi ndinadutsa pa venda amene anayala makapisozi a mitundumitundu pathumba, wokonzeka kugulitsa chilichonse kwa aliyense popanda kufunsa funso ngakhale limodzi. Zinthu ziwiri zimenezi, kukanizidwa pamalo ovomerezeka ndi kulandiridwa ndi manja awiri pamalo osavomerezeka, n'zimene zinandichititsa kufuna kumvetsa gwero la malamulowa.

Bungwe limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe ambiri amangolitchula kuti PMRA. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la mu 2019, ndipo linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, limene linkagwira ntchito potsatira lamulo la mu 1988. Bungweli ndi limene limalembetsa mankhwala asanayambe kugulitsidwa, limapereka zilolezo kwa oitanitsa mankhwala kunja ndi kwa eni mafamase, komanso limaika mankhwala aliwonse m'gulu lake. Pali mankhwala amene angagulitsidwe ngakhale mugolosale, monga Panado. Pali ena amene amagulitsidwa mu famase mokha pamaso pa munthu wophunzira za mankhwala. Ndipo pali ena amene satuluka popanda kalata ya dokotala. Pamwamba pa izi pali lamulo lina lakale, la Dangerous Drugs Act, lokhudza mankhwala amene angathe kuzunguza bongo. Chosokoneza kwa wogula n'chakuti mabotolo ndi mapaketi onse olembedwa kuti ndi a chimfine kapena chifuwa amaoneka ofanana, pomwe zili m'kati mwake n'zosiyana kwambiri, ndipo lamulo limayang'ana zili m'katizo, osati dzina la pabokosi.

Codeine, amene anandibweza ine tsiku lija, ndi wa banja limodzi ndi morphine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, ndipo onse awiri amachokera ku chomera chimene chimatulutsa opium. Munthu akamwa codeine, chiwindi chimasandutsa gawo lina kukhala morphine, ndipo n'chifukwa chake amachepetsa ululu, kutontholetsa chifuwa ndi kubweretsa tulo. Koma ziwindi za anthu sizigwira ntchito mofanana: pali ena amene thupi lawo limasandutsa codeine mofulumira kwambiri, moti mlingo umene sungamuchite kanthu mnzawo ukhoza kuwafooketsa mpaka kulephera kupuma bwino. Ichi n'chifukwa chake bungwe loona za mankhwala la mayiko a ku Ulaya linaletsa mu 2015 kupatsa ana osakwana zaka 12 mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine. Vuto lachiwiri ndi chizolowezi. Achinyamata m'mayiko angapo a mu Africa anatulukira kuti botolo la mankhwala a chifuwa likasakanizidwa ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi limaledzeretsa, ndipo amene wazolowera zimamuvuta kusiya. Ku Nigeria boma linaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine mu Meyi 2018, patangopita masiku ochepa wailesi ya BBC itaulula mmene mankhwalawa ankagulitsidwira mozemba kwa achinyamata. Ku Zimbabwe kuli vuto la bronco, dzina lochokera ku BronCleer, mankhwala amene amazembetsedwa kuchokera ku South Africa. Ku Australia codeine anayamba kufuna kalata ya dokotala mu 2018, ndipo ku Britain anachita chimodzimodzi ndi codeine wamadzi wa chifuwa mu 2024. Choncho mnyamata wa pa famase uja sanali kungondivuta. Anali kutsatira njira imene mayiko ambiri atenga.

Nkhani yovuta kwambiri, imenenso imaphunzitsa zambiri, ndi ya pseudoephedrine. Amenewa ndi mankhwala otsegula mphuno, ndipo amagwira ntchito pochepetsa kutupa kwa timitsempha ta magazi ta m'mphuno kuti mpweya uzidutsa. Ndi achibale a ephedrine, amene katswiri wa ku Japan, Nagai Nagayoshi, anamupeza mu 1885 m'chomera chimene anthu a ku China akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kalekale pochiza chifuwa. Katswiri yemweyo ndi amene anapanga methamphetamine koyamba mu 1893 kuchokera ku ephedrine. Ubale umenewu ndi umene unabweretsa mavuto, chifukwa kapangidwe ka pseudoephedrine n'koyandikana kwambiri ndi ka methamphetamine, mankhwala ozunguza bongo oopsa amene ku Cape Town amawatchula kuti tik ndipo ku Harare amati mutoriro. Pachifukwa ichi pangano la United Nations la mu 1988 lolimbana ndi malonda a mankhwala ozunguza bongo linaika ephedrine ndi pseudoephedrine pamndandanda wa zinthu zoyenera kulondoleredwa, ndipo bungwe la International Narcotics Control Board la ku Vienna limayendetsa ndondomeko imene dziko lotumiza katunduyu limayamba ladziwitsa dziko lolandira katunduyo asananyamuke. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene ali m'panganoli, kutanthauza kuti mapepala ena amene woitanitsa mankhwala amayenda nawo ofesi ndi ofesi muno mu Lilongwe gwero lake lili kutali ndi Capital Hill.

Dziko la America ndi limene linayesa kwambiri kuthana ndi vutoli kudzera pakauntala ya famase. Lamulo lawo la Combat Methamphetamine Epidemic Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2006, linalamula kuti mankhwala onse okhala ndi pseudoephedrine achotsedwe pamashelefu n'kuikidwa kuseri kwa kauntala, kuti wogula azionetsa chiphaso chokhala ndi chithunzi chake ndi kusaina m'kaundula amene amasungidwa zaka ziwiri, komanso kuti munthu asagule kupitirira magalamu 3.6 patsiku kapena magalamu 9 pa masiku 30. Zigawo zina zinawonjezera malire awoawo. Ku Indiana, mu 2009, mayi wina wachikulire anamangidwa chifukwa anagula mabokosi awiri a mankhwala a chimfine m'sabata imodzi, lina la mwamuna wake ndipo lina la mwana wake, osadziwa kuti wadutsa mlingo umene lamulo la kumeneko limalola. Chigawo cha Oregon chinafika polamula mu 2006 kuti pseudoephedrine azigulidwa ndi kalata ya dokotala basi, ndipo Mississippi inatsatira mu 2010.

Zimene zinatsatira n'zofunika kuzisinkhasinkha bwino. N'zoona kuti malo ang'onoang'ono opangira methamphetamine m'nyumba za anthu, amene ankaphulika ndi kuwotcha ana osalakwa, anachepa kwambiri, ndipo phindu limeneli palibe angalikane. Koma msika wa mankhwala ozunguza bongowo sunafe. Poyamba opanga aja anayamba kutuma anthu ambirimbiri kuti aliyense akagule pang'ono m'mafamase osiyanasiyana. Kenako malonda onse anagwera m'manja mwa magulu akuluakulu a zigawenga a ku Mexico, ndipo dziko la Mexico litaletsa pseudoephedrine mu 2008, maguluwo anasamukira ku njira ina yopangira imene sifuna pseudoephedrine n'komwe. Methamphetamine anachuluka m'misewu ya ku America, wamphamvu kuposa kale komanso wotsika mtengo. Pofika mu 2022, Oregon ndi Mississippi anali atachotsa lamulo lofuna kalata ya dokotala lija. Munthu wa chimfine anakhala zaka zoposa khumi akuvutika ndi lamulo limene amene linkawafuna anali atalizemba kale.

Panachitikanso china chimene ine ndimachiona kuti n'chopweteka kuposa kuima pamzere. Makampani opanga mankhwala ataona kuti pseudoephedrine wabisidwa kuseri kwa kauntala, anayamba kuika m'malo mwake mankhwala ena otchedwa phenylephrine m'mankhwala ambiri a chimfine kuti azigulitsidwabe momasuka, mabokosi ake osasintha kwenikweni maonekedwe. Mu Seputembala 2023, komiti ya akatswiri olangiza bungwe loona za mankhwala ku America la FDA inagwirizana, onse 16 popanda wotsutsa, kuti phenylephrine wakumwa satsegula mphuno pamlingo umene amagulitsidwira, chifukwa ambiri amaphwanyidwa m'matumbo asanalowe m'magazi. Mu Novembala 2024 bungwelo linapereka ganizo loti achotsedwe pamndandanda wa mankhwala akumwa otsegula mphuno. Ganizoli silikhudza phenylephrine wothira m'mphuno. Nkhaniyi imatikhudza ife mwachindunji, chifukwa mankhwala ambiri amene timagula muno amachokera kunja, makamaka ku India, Kenya ndi South Africa, ndipo aliyense amene angawerenge timalemba ta kumbuyo kwa mabokosi a mankhwala a chimfine adzalipeza dzina la phenylephrine kawirikawiri. Ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mankhwala n'kukwera nayo, choncho kulipira ndalama zovuta kupeza pa chinthu chimene akatswiri akuchikayikira si nkhani yaing'ono.

Pankhani ya pseudoephedrine ija, ku Britain anasankha njira ina yofewerapo kusiyana ndi ya ku America. Kuyambira mu 2008, famase siloledwa kugulitsa kwa munthu mmodzi pseudoephedrine woposa mamiligalamu 720 nthawi imodzi popanda kalata ya dokotala, koma wogula salembedwa m'kaundula wa boma, ndipo udindo woona ngati munthu akukayikitsa unasiyidwa m'manja mwa katswiri wa mankhwala amene ali pakauntala.

Komabe mkangano umene umachitika kawirikawiri m'mafamase a mu Lilongwe si wa codeine kapena pseudoephedrine ayi, koma wa makapisozi. Anthu ambiri anazolowera kuti chimfine chikavuta mankhwala ake ndi amoxicillin kapena Bactrim, omwe ndi maantibayotiki, ndipo akakanizidwa amaona ngati wogulitsayo ndi wamwano. Apa ndiyenera kunena mosapsatira kuti lamulo lili ndi mfundo yolimba. Chimfine chimayambitsidwa ndi mavairasi, pomwe maantibayotiki amapha mabakiteriya okha, choncho munthu amene wamwa makapisozi n'kuchira patapita sabata, wachira chifukwa chimfine chimatha chokha pakadutsa masiku 7 mpaka 10. Chimene makapisoziwo achita ndi kuzoloweretsa mabakiteriya ena a m'thupi mwake kupirira mankhwala. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chigawo cha Africa cha kumwera kwa chipululu cha Sahara ndi chimene chinakhudzidwa koposa. Akatswiri amene akhala akuyeza magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kwa zaka zambiri aonetsa kuti mabakiteriya osamva mankhwala odalirika akuchulukirachulukira. Tisaiwalenso kuti Bactrim yemweyo ndi amene anthu ambiri amene ali ndi HIV m'dziko muno amamwa tsiku ndi tsiku kuti atetezedwe ku matenda ena. Akuluakulu anati ikaola imodzi zaola zonse, ndipo pankhani ya maantibayotiki mawuwa ndi oona ndithu, chifukwa bakiteriya amene wazolowera mankhwala m'thupi la munthu mmodzi safunsa kuti alowe mwa yani.

Nawonso mafunso amene katswiri wa mu famase amafunsa, amene wodwala amawaona ngati otaya nthawi, ali ndi chifukwa. Pseudoephedrine amakweza BP ndipo sayenera munthu amene magazi ake amathamanga kale. Mankhwala ambiri a chimfine amakhala ndi paracetamol m'kati, moti munthu amene akuwamwa limodzi ndi Panado akhoza kudutsa magalamu 4 patsiku osadziwa, ndipo mlingo woposa pamenepo umawononga chiwindi.

Chifukwa china chimene chimachititsa boma kukhwimitsa zinthu, makamaka kumbali ya oitanitsa mankhwala, chinaonekera momvetsa chisoni ku Gambia mu 2022, kumene ana pafupifupi 70 anamwalira impso zitasiya kugwira ntchito atamwa mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine ochokera ku India. Bungwe la World Health Organization linachenjeza mu Okutobala chaka chomwecho kuti m'mankhwala anayi munapezeka diethylene glycol ndi ethylene glycol, zinthu zapoizoni zogwiritsidwa ntchito m'mafakitale. Ku Indonesia ana oposa 200 anafa m'njira yofananayo, ndipo ku Uzbekistan kunachitikanso zomwezo. Aliyense amene wamva nkhani imeneyi sangatsutse kuti botolo lililonse lolowa m'dziko liyenera kulembetsedwa ndi kuyezedwa, ngakhale kuti ndondomekoyo imachedwetsa katundu ndi kukweza mtengo.

Tsono ngati zifukwa zili zomveka chonchi, kodi kudandaula kwa anthu n'kopanda pake? Ine ndikuti ayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Lamulo lonena kuti bweretsani kalata ya dokotala linapangidwa poganizira dziko limene dokotala amapezeka msanga. Munthu wokhala ku Mtandire kapena ku Area 36 akauzidwa mawu amenewa, amamva kuti ataye tsiku lathunthu. Ayenera kulipira minibasi kapena kabaza, kulawirira mbandakucha ndi kabuku kake ka kuchipatala, kukhala pabenchi maola angapo pakati pa odwala malungo, chibayo ndi matenda ena aakulu, ndipo akaonana ndi adokotala n'kutheka kuuzidwa kuti mankhwala atha, akagule ku famase komwe anachokera kuja. Thandizo m'zipatala za boma ndi laulere, koma tsiku limene mayi wogulitsa tomato kapena bambo wa maganyu sanagwire ntchito ndi tsiku limene pakhomo sipapezeka ufa. Njira yachidule ndi kiliniki yolipira, kumene ndalama yongoonana ndi dokotala ikhoza kuposa mtengo wa mankhwala amene akufunawo. Wopeza bwino amalipira n'kutuluka ndi kalata m'mphindi zochepa, pomwe wosauka amatembenukira kwa venda. Kotero lamulo limodzimodzi limakhala lopepuka kwa wina ndi lolemera kwa wina, ndipo amene limamulemera kwambiri ndi amene limamukankhira kumalo oopsa.

Mavenda a mankhwala amene amapezeka m'misika ndi m'madepoti saloledwa ndi lamulo lililonse, ndipo n'zodziwika kuti ena mwa mankhwala amene amagulitsa amabedwa m'zipatala za boma, vuto limene linachititsa Unduna wa Zaumoyo kukhazikitsa nthambi yapadera yofufuza za kuba mankhwala. Apolisi ndi oyendera amawagwira nthawi zina, koma pakapita masiku ochepa malonda amayambiranso. Mwini famase wolembetsedwa ndi wosavuta kumupeza, chifukwa ali ndi nyumba, chikwangwani ndi chilolezo chopachikidwa pakhoma, choncho mphamvu ya lamulo imathera pa iye ndi pa makasitomala ake. Kuwonjezera apo, mafamase eniake satsatira lamulo mofanana. Ina imakana, ina yoyandikana nayo imagulitsa, ndipo wogula amatsala akukhulupirira kuti nkhaniyi ndi ya nkhope chabe, osati ya chitetezo cha moyo wake.

Chimene chinandipweteka tsiku lija, ndikaganiza bwino, sichinali kukanizidwa codeine, amene mwina sindinkafunikira n'komwe, koma kuti zokambirana zathu zinathera pa mawu oti ayi. Munthu wophunzira za mankhwala ali ndi nzeru zokwanira kufunsa kuti chifuwacho chatenga masiku angati, ngati thupi likutentha, ngati makhololo ali ndi magazi, ndiponso ngati wodwalayo akumwa mankhwala ena. Akhoza kulangiza kuti munthu apume, azimwa madzi ambiri ndi tiyi wa ndimu wothira uchi, kupatula mwana wosakwana chaka amene sayenera kupatsidwa uchi, ndipo akhoza kupereka mankhwala ena ofewa amene lamulo limamulola. Akhozanso kuzindikira amene akufunikadi chipatala: mwana amene akupuma mofulumira kapena nthiti zikulowa m'kati, munthu amene thupi latentha kwambiri moti ayenera kuyezedwa malungo, ndi amene watsokomola masabata awiri kapena kuposerapo, yemwe ayenera kuyezedwa chifuwa chachikulu. Kumupatsa katswiri ameneyu mpata wogamula pa matenda ang'onoang'ono, pamodzi ndi malire omveka a kuchuluka kwa mankhwala amene angagulitse, kungachepetse mizere ya m'zipatala ndipo kungasunge anthu m'malo ovomerezeka. Kungathandizenso ngati mndandanda wa mankhwala ofuna kalata utapachikidwa m'Chichewa mu famase iliyonse, limodzi ndi chifukwa chake m'mawu ochepa, kuti munthu adziwe asanataye ndalama yoyendera.

Mphamvu zambiri za oyendera ziyenera kulunjika kumene mankhwala ambiri amadutsa nthawi imodzi, monga m'zipata za Mchinji, Dedza, Mwanza ndi Songwe, pabwalo la ndege la Kamuzu, m'nyumba zosungiramo mankhwala ndi kwa ogulitsa mopikulitsa, chifukwa amene akufuna codeine kapena pseudoephedrine wochita naye malonda amafuna makatoni, osati botolo limodzi. Zimene zinachitika ku America zikusonyeza kuti kauntala ya famase imagwira mosavuta mayi wogulira banja lake mankhwala kusiyana ndi chigawenga. Ndipo munthu amene wabwezedwa pakauntalapo n'kukagula kwa venda amapita kunyumba ndi makapisozi okulungidwa m'kapepala, amene akhala padzuwa masiku osadziwika, opanda bokosi, opanda tsiku lothera mphamvu, komanso opanda nambala ya gulu limene anapangidwira. Mankhwala ena atapezeka ndi poizoni monga zinachitikira ku Gambia, nambala imeneyi ndi imene boma lingalengeze pawailesi kuti anthu asiye kumwa, ndipo amene anagula pathumba paja sangakhale ndi poyang'ana.